Kulongosola Malembo a Chitchaina: Kusankha ndi Kusunga

Mphunzitsi amene amadandaula kuti ana ake amalemba liwu limodzi m'njira ziwiri, atamva za anzake a ku China, mtima wake ungakhale pansi. Kumeneko chilembo chimodzi, cha tanthauzo limodzi ndi katchulidwe kamodzi, chimatha kukhala ndi maonekedwe awiri, atatu kapena kuposerapo. Polemba chilembo chotanthauza nsonga ya phiri, ena ankaika kachizindikiro ka phiri pambali, ena pamwamba. Polemba chotanthauza gulu, ena ankaika nkhosa kudzanja lamanja, ena pansi. Onsewo ankalemba zolondola.

Vutoli ndi lakalekale. Mfumu Qin Shi Huang atagwirizanitsa dzikolo m'chaka cha 221 B.C., nduna yake Li Si inakhazikitsa kalembedwe kamodzi, koma manja a alembi anapitiriza kusiyana. Cha m'ma 100 A.D. katswiri Xu Shen analemba buku lomasulira malembo lotchedwa Shuowen Jiezi, momwe anaikamo malembo 9,353, ndiponso ena 1,163 amene anali maonekedwe ena a malembo omwewo. Chofunika kuchiona n'chakuti iye sanataye osiyanawo. Anawalemba pambali pa anzawo kuti wowerenga adziwe kuti ndi pachibale.

M'chaka cha 1955 boma la ku Beijing linatulutsa mndandanda wa magulu 810 a malembo otere, ndi kuika pambali malembo 1,055. Chifukwa chake chinali chomveka. Wosindikiza mabuku ankafunika kachitsulo kapadera pa chilembo chilichonse, ndipo anthu miyandamiyanda anali asanaphunzire kuwerenga. Nanga mwana wa mlimi avutikirenji ndi maonekedwe atatu pamene amodzi akwanira? Lu Xun, m'nthano yake ya 1919 yotchedwa Kong Yiji, anali atasonyeza kale chisoni cha munthu wophunzira amene ankanyadira kudziwa njira zinayi zolembera chilembo chimodzi, chikhalirecho analibe ndalama yolipirira ngongole yake ya mowa. Pankhani ya sukulu, kusankha kunali koyenera.

Tsono vuto linali lakuti ena mwa malembo osowawo ndi maina a anthu ndi a midzi. Dzina la m'banja silisankhidwa ndi komiti. Pamene zitupa zinayamba kulembedwa pa kompyuta, chilembo chimene makina sanali kuchidziwa chinakhala ngati kulibe. M'chigawo cha Yunnan mabanja ena a mtundu wa Lisu, amene dzina la makolo awo linali Nia, lonena za mbalame, analembedwa ndi chilembo china chotanthauza bakha, popeza ndicho chinkapezeka m'makinamo. Wina akhoza kuseka, koma amene dzina la agogo ake lasinthidwa motero saonapo choseketsa.

Kunena zoona, pali ntchito ziwiri pano, ndipo sizifanana. Yoyamba ndi kusankha chilembo chimene mwana adzaphunzire. Yachiwiri ndi kulemba m'kaundula maonekedwe onse, ndi kusonyeza kuti ichi chinachokera kuti ndipo mnzake ndi uti. Unduna wa Zamaphunziro ku Taiwan unagwira yachiwiriyi mwakhama, ndipo buku lake la malembo osiyana maonekedwe lili ndi malembo oposa 100,000. Palibe amene amati mwana awaloweze. Alipo kuti wowerenga zolemba zakale, kapena kalaliki wolemba dzina, apeze poyang'ana.

Nako ku Beijing maganizo anasintha, ngakhale mochedwa. Mndandanda wa 2013, wa malembo 8,105, unabwezeretsa ena mwa amene anaikidwa pambali mu 1955, makamaka kuti azigwiritsidwa ntchito pa maina. Pambuyo pake, mu 2022, muyezo wa malembo a pa kompyuta wotchedwa GB 18030 unakulitsidwa mpaka malembo 87,887, ndipo unayamba kugwira ntchito mu Ogasiti 2023, patatha zaka 68 chitulutsireni mndandanda woyamba uja.