Ojambula a m'mbali mwa nyanja ayambe kujambula nkhope za kwawo

Aliyense amene anayendapo pamchenga wa ku Chembe, ku Cape Maclear, kapena m'malo ogona alendo a pakati pa Mangochi boma ndi Monkey Bay, anazionapo nsalu zija zoyalidwa pamphasa kapena zopachikidwa pachingwe. Dzuwa lofiira likulowa m'madzi, bwato la munthu mmodzi, mlambe, nkhwazi, ndi amayi atatu osenza mitsuko. Amayiwo ndi aatali, oonda, akuda bii, opanda maso, mphuno ngakhale pakamwa. Anyamata amene amajambula zimenezi luso ali nalo, ndipo dzanja lawo silinjenjemera. Chodandaulitsa n'chakuti pa nsalu zonsezo simungapezepo mayi woti nkumutchula dzina, kapena doko loti munthu nkuloza kuti apa ndi pa Makawa, apa ndi pa Malembo.

Mlandu si wa ojambula okha. Iwo amajambula chimene chimagulidwa, ndipo wogula wawo wakhala ali mlendo wochokera kunja. Chikhazikitsireni paki ya Lake Malawi National Park mu 1980, ndiponso bungwe la UNESCO litaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, alendo akhala akubwera kudzaona mbuna ndi kukwera boti kupita ku chilumba cha Thumbi. Mlendo wotere amafuna chithunzi chotsika mtengo, chopindika bwino m'chikwama, chomukumbutsa kuti anafika ku Africa. Nkhope ya agogo a wojambulayo alibe nayo ntchito. Kuopsa kodalira wogula mmodzi kunaoneka mu 2020, pamene mliri wa Covid-19 unaimitsa maulendo a ndege, magombe nkukhala zii.

Pamene zili choncho, Mangochi weniweni akusintha pamaso pa anthu. Akuluakulu a m'mbali mwa nyanja ya Malombe amakumbukira nthawi imene chambo chinali ndiwo ya masiku onse, chisanayambe kusowa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Mu 2024 madzi a nyanja ya Malawi anakwera kwambiri nkulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo, ndipo magombe ena amene ana ankasewerapo anamira. M'midzi ya ku Namwera, kwa Makanjira ndi kwa Mponda, makomo ambiri ali ndi bambo kapena mnyamata amene ali ku Joni, ndipo nyumba za malata zikumera pamene panali za udzu. Zonsezi ndi nkhani zofunika wozijambula. Siginala ndi nyali zake usiku wa usipa, amayi akutembenuza nsomba pathandala, amuna akukoka chilimira mwera utawomba, wakabaza akuwoloka mlatho wa Bakili Muluzi m'mamawa: moyo umenewu uli ndi mitundu yambiri kuposa dzuwa lolowa lija, koma pansalu suonekapo kawirikawiri.

Ena anena kuti masiku ano foni imajambula ulere, ndiye penti ndi wachiyani. Funsoli ndi lomveka, koma aliyense akudziwa kumene zithunzi za m'foni zimathera. Foni ikagwera m'madzi, ikabedwa, kapena ikagulitsidwa pa nthawi ya njala, nkhope za banja lonse zimapita nayo. Komanso wojambula ndi bulashi amachita zimene kamera singachite. Amakhala pansi ndi anganga maola angapo, kuwayang'ana mmene amamangira duku, mmene manja awo anakhakhalira ndi khasu, nkusankha choti chioneke. Angathe kuika pansalu imodzi bambo amene ali ku Johannesburg pamodzi ndi mwana amene anabadwa iwo atachoka kale. Angathe kutenga kachithunzi kofwifwa ka pa chiphaso cha malemu nkukakulitsa, adzukulu nkuwadziwa agogo awo.

Mphamvu ya chithunzi cha munthu weniweni Amalawi anaiona posachedwapa. Mu 1914 John Chilembwe anajambulitsa atavala chipewa, ataima ndi mmishonale John Chorley, pa tchalitchi chake chatsopano ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu. Patapita zaka 108, mu September 2022, katswiri wa zaluso wa ku Malawi, Samson Kambalu, anaimika chiboliboli chotchedwa Antelope pa Trafalgar Square mumzinda wa London, chochokera pa chithunzi chomwecho. Chikanakhala chithunzi cha munthu wopanda nkhope ndi dzina, Kambalu sakanapeza poyambira.

Penti wa acrylic, amene ojambula ambiri a kunyanja amagwiritsa kale ntchito, ndi woyenera ntchito yojambula nkhope za kwawo. Anayamba kufala m'zaka za m'ma 1950. Amasungunulidwa ndi madzi wamba, bulashi imatsukidwa ndi madzi omwewo, koma akauma salola madzi kumuchotsa. Amagwira pansalu, pathabwa ngakhale pakhoma. Penti wa mafuta amatenga masiku kuti aume, pamene acrylic wopakidwa mopyapyala amauma mphindi zochepa chabe. Kutentha kwa mu October ku Mangochi kumamuumitsa ali pabulashi pomwe, choncho wojambula nkhope ayenera kugwira ntchito pamthunzi, kusakaniza pang'onopang'ono ndi kumawaza madzi. Vuto lalikulu ndi mtengo. Pentiyu amachokera kunja, ndipo kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, katundu yense wolowa m'dziko anakwera. N'chifukwa chake ena amathawira ku penti wopaka nyumba, amene sachedwa kusweka nsalu ikapindidwa. Chithunzi cha banja chiyenera kukhala zaka makumi pakhoma, ndiye wochiitanitsa alipire mtengo wokwanira kugulira penti wabwino.

Pali nkhani ina yofunika kuinena mwaulemu. Anthu ambiri a ku Mangochi ndi Asilamu, ndipo ena mwa iwo, potsatira chiphunzitso chawo, sapachika m'nyumba zithunzi za anthu kapena zinyama. Wojambula wanzeru sakangana nazo zimenezi. Banja lotere lingakonde chithunzi cha munda wa makolo, mzikiti wa m'mudzi mwawo, migwalangwa ya m'mbali mwa Shire, kapena mapiri a ku Namwera mvula ikubwera. Malo nawo ali ndi maina ndi eni ake, ndipo munthu amene wakhala zaka zambiri ku Cape Town angazindikire mtengo wa mango wa pakhomo pa amayi ake msanga kuposa mmene angazindikirire nkhwazi ya pansalu ya alendo.

Kujambula za kwanu si chinthu chachilendo m'dziko muno. M'mapanga a Chongoni ku Dedza muli malo 127 a zojambula za pamiyala, ndipo zina mwa izo zinali zophunzitsira atsikana pachinamwali. Ku Mua, bambo Claude Boucher anayambitsa malo a KuNgoni mu 1976, kumene mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao inajambulidwa pamakoma. Ngakhale amayi a kumudzi amene amakongoletsa makoma a nyumba ndi dothi lofiira, loyera ndi lakuda amachita zimenezo kuti anthu a pamudzi pomwepo aziona.

Chofunika ndi ogula a ku Mangochi komweko, ndipo alipo. Amene amatumiza ndalama za malata ndi simenti kuchokera ku Joni angathe kuwonjezerapo ya chithunzi cha makolo. Eni mahotela a ku Nkopola ndi ku Makokola, mabanki, sukulu ndi khonsolo ali ndi makoma ambiri amene angathe kunyamula ntchito za ojambula a m'bomalo. Nyumba ya mbiri ya Lake Malawi Museum, pafupi ndi nsanja ya wotchi ya Mfumukazi Victoria yomangidwa mu 1903, imasunga nkhani za sitima monga Guendolen ndi mbiri ya tauni imene kale inkatchedwa Fort Johnston. Itapatula khoma limodzi loti chaka chilichonse pazipachikidwa nkhope ndi malo a Mangochi wa lero, ana a sukulu obwera kudzaona za atsamunda angaonenso asodzi a kwawo. Ojambulawo nawo ali ndi mbali yawo: kupempha chilolezo kwa munthu asanamujambule, kugwirizana mtengo ntchito isanayambe, ndi kulemba kuseri kwa nsalu dzina la wojambulidwayo, mudzi wake, mfumu yake ndi chaka.