Mpamba wa wogulitsa pa foni ndi amana



Chaka ndi chaka ana athu amalemba mayeso a MSCE, ndipo ochepa okha ndiwo amapeza malo ku yunivesite kapena ku koleji. Otsalawo amabwerera kwawo ku Ntaja, ku Nselema, ku Ulongwe kapena ku Phalula, ndipo pakapita miyezi yochepa nkhani ya pasipoti ndi ulendo wa ku Joni imayambika. Tonse tikukumbukira momwe abale athu anabwerera chimanjamanja pa mabasi mu 2008 ndi mu 2015, pamene alendo ankathamangitsidwa ku South Africa. Masiku ano achinyamata ena apeza njira ina. Mtsikana amajambula mahijabu ndi zitenje n'kuika pa WhatsApp. Mnyamata amalengeza pa Facebook kuti ali ndi mpunga kapena matemba a ku nyanja ya Chilwa. Wogula ali ku Blantyre kapena ku Lilongwe amatumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba, katundu n'kukwera minibasi pa Liwonde. Zonsezi akuchita munthu mmodzi, wopanda sitolo ndiponso wopanda wantchito.

Makolo ena amaona ngati kumeneku n'kuseweretsa foni. Ine ndikuti awa ndi malonda enieni, ndi a halaal, ndipo tiyenera kuwalimbikitsa. Koma ali ndi ngozi imene malonda a pamsika alibe. Pamsika wa pa Balaka wogula amaugwira mpunga ndi dzanja, kuununkhiza, kuona sikelo, ndipo ogulitsa anzako amakhala akukuona. Pa foni wogula amalipira asanaone katundu, ndipo wogulitsa amakhala yekha m'chipinda, popanda womuona kupatula Allah. Choncho mpamba waukulu pa malonda amenewa ndi amana, kukhulupirika pa chinthu cha mwini chimene chaikidwa m'manja mwako. Amana ikatha, foni yodula siithandiza kanthu.

Chisilamu chinaika kale malamulo a malonda olipiriratu. Mtumiki Muhammad (mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye) atafika ku Madina mu 622 anapeza anthu akulipiriratu zipatso zimene adzalandire pakatha chaka kapena zaka ziwiri. Sanawaletse, koma analamula kuti mlingo, kulemera kwake ndi nthawi yoperekera zidziwike. Ma ulama amawatcha malonda amenewa salam. Ndiye kulemba kuti "mpunga wabwino ulipo" sikokwanira. Wogula auzidwe mtundu wa mpungawo, makilogalamu ake, mtengo, amene alipire thiransipoti ndi tsiku limene katundu afike. Ayah yayitali kuposa zonse m'Qur'an, ya 282 mu Surah Al-Baqarah, ikukamba za kulemba ngongole ndi kuikapo mboni. Ndalama za wogula zikalowa m'foni mwanu, muli ndi ngongole ya katundu pamutu panu. Lembani mgwirizanowo mu uthenga, wogula avomereze, ndipo muukoperenso m'kope, chifukwa foni imabedwa ndiponso imawonongeka.

Vuto limene lafala ndi kugulitsa chinthu chimene ulibe. Sahaba Hakim bin Hizam anafunsa za kugulitsa katundu amene alibe kenako n'kukamugula kumsika, ndipo Mtumiki anamuletsa. Lero munthu amatenga zithunzi za ma abaya kapena nsapato za m'masitolo a ku Dar es Salaam kapena ku Johannesburg n'kuziika ngati katunduyo ali m'nyumba mwake. Njira zoongoka zilipo ziwiri. Mukhoza kunena poyera kuti katunduyo ndi wa oda, n'kufotokoza bwino maonekedwe ake ndi tsiku lofika. Mukhozanso kukhala wakili, wotumidwa kukagulira munthu, ndipo malipiro anu adziwike kuyambira pachiyambi. Ngakhale potero, musalonjeze zimene simungazikwanitse. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo aliyense amene anali atalandiriratu ndalama za katundu wakunja pa mtengo wakale anayenera kusankha pakati pa kuluza ndi kuswa lonjezo. Nyanja ya Chilwa nayo inaumapo mu 1995 ndipo inaphweranso kwambiri mu 2018. Wolandiriratu ndalama za matemba a miyezi yam'tsogolo azikumbukira zimenezi.

Chithunzi nachonso chimanama. Imam Muslim analemba nkhani ya wogulitsa chakudya amene anaika chouma pamwamba, chonyowa ndi mvula pansi. Mtumiki anapisamo dzanja, napeza chinyeziho, ndipo anamudzudzula kuti anayenera kuika chonyowacho poonekera. Pa foni wogula sangapise dzanja. Kuwalitsa mtundu wa chitenje pa chithunzi, kujambula matemba akuluakulu okha, kapena kubisa pamene nsalu yang'ambika, ndi chinyengo chomwecho. Kuuza anzanu kuti alembe ndemanga zoyamikira ngati kuti anagula pamene sanagule kukufanana ndi najash, kukweza mtengo mwachiphamaso kuti ena akopeke, kumene Mtumiki analetsa. Za kubera pa sikelo, Surah Al-Mutaffifin inayamba ndi chenjezo kwa ochita zimenezo. Ndipo katundu akafika ali ndi chilema chimene simunachitchule, wogula ali ndi ufulu wobweza. Mubwezereni ndalama zake mosanyinyirika, chifukwa chithunzi cha macheza anu chikhoza kuzungulira m'magulu a WhatsApp tsiku limodzi, ndipo mbiri ikaipa siibwerera msanga.

Wochita bizinesi yekha amagwanso chifukwa chosakaniza ndalama. Foni yomweyo imalandira ndalama za makasitomala, imagula ndiwo, imatumiza chipepeso ku maliro. Tiyerekeze kuti mwagula hijabu pa K6,000 n'kugulitsa pa K9,000. Mtima umati phindu ndi K3,000. Koma chotsanipo bandulo, ulendo wa kabaza wokasiya katundu pa depoti, ndalama imene imadulidwa potapa kwa ejenti, pepala lokulungira, ndi gawo la katundu amene wakhalitsa osagulidwa. Chotsalacho ndiye phindu. Khalani ndi nambala ya bizinesi yosiyana ndi ya pakhomo, dziikireni malipiro a pamwezi, ndipo ndalama ya oda isagwire ntchito ina katundu wake asanagulidwe. Kope lomwelo lidzakuthandizani kuwerengera zakaat, imene ili 2.5 peresenti ya ndalama ndi katundu wa malonda zikafika pa nisaab ndi kutha chaka.

Mpamba ukachepa, katapila ndi ngongole za pa foni zokhala ndi chiwongoladzanja zimakopa, chifukwa zimabwera mwachangu ndipo palibe amene amadziwa. Imeneyo ndi riba, ndipo ndi haraam ngakhale itabwera mwakachetechete. Mayi wathu Khadija (Allah asangalale naye) ankapereka chuma chake kwa amalonda kuti akachite nacho malonda n'kugawana phindu, ndipo Mtumiki anapita ndi katundu wake ku Sham asanapatsidwe utumiki. Mgwirizano wotere umatchedwa mudaraba kapena qiradh. Wina amaika ndalama, wina amaika ntchito, phindu amagawana malinga ndi gawo limene anapangana. Malonda akagwa popanda kusasamala, mwini ndalama amataya ndalama zake ndipo wogwira ntchito amataya thukuta lake. Amalume amene ali ndi ndalama zokwana tikiti ya ku Joni angathe kuyesa njira imeneyi ndi mphwawo.

Wogulitsa nayenso amaberedwa. Uthenga wonena kuti ndalama zalowa ukhoza kukhala wopeka, choncho onani kaye ndalama zimene zili mu akaunti musanatumize katundu. Nambala yachinsinsi isaperekedwe kwa aliyense, ngakhale wonena kuti akuimba kuchokera ku kampani ya mafoni. Dziko lathu lili ndi lamulo la mu 2016 lotchedwa Electronic Transactions and Cyber Security Act, choncho sungani mauthenga onse kuti mukhale ndi umboni pokadandaula ku polisi. Bizinesi ikayamba kukula, kalembetseni dzina lake ku ofesi ya Registrar General. Ana athu aakazi asakumane okha ndi kasitomala wosamudziwa. Katundu aperekedwe poyera, masana, pali m'bale. Ndipo popeza sitolo ya pa foni ilibe chitseko, muiikire nthawi yotsekera. Surah Al-Jumu'ah ikulamula kusiya malonda adhana ya Ijumaa ikamveka, ndipo kuyankha makasitomala khutuba ili mkati ndi malonda ndithu.

Makolo amene amaopa foni ali ndi zifukwa zomveka. Foni yomweyo ili ndi juga ya mpira ndi zinthu zolaula, ndipo si aliyense woyamba bizinesi amene amapambana. Netiweki imavuta m'midzi ina, magetsi amazima, bandulo ndi yodula, ndipo ogula ambiri ali m'tauni. Musagulitse munda kapena mbuzi zonse kuti mugule foni. Inu ophunzira, ntchito yanu pakali pano ndi sukulu. Amene sadziwa maperesenti sangawerengere phindu, ndipo amene salemba bwino Chichewa ndi Chingerezi sangalembe mgwirizano womveka. Koma kumuletseratu mwana amene wamaliza sukulu kumangochititsa kuti azigulitsa mobisa, popanda womulangiza.

Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo apa mzikiti uli ndi ntchito. Ndikupempha komiti kuti kamodzi pa mwezi, itatha swala ya Ijumaa, pazikhala phunziro la malamulo a malonda, la amuna ndi akazi omwe, ndipo amalonda athu odziwa aziphunzitsa kasungidwe ka kope. Pasankhidwenso akuluakulu awiri okhala mboni pa mgwirizano wa mudaraba ndi oyanjanitsa wogula ndi wogulitsa akasemphana. Ngati n'kotheka, pakhale kathumba ka qard hasan, ngongole yopanda chiwongoladzanja, koperekedwa kwa wachinyamata amene waonetsa kope la malonda ake a miyezi itatu. Abdur-Rahman bin Awf atafika ku Madina, Sa'd bin Rabi anafuna kumugawira theka la chuma chake, koma iye anapempha kuti angomulozera njira ya kumsika. Ana athu ambiri akupempha chomwecho, ndipo udindo wowalozera njirayo pamodzi ndi malamulo ake ndi wathu. Allah adalitse riziki lawo ndipo alichite kukhala la halaal.