Kompyuta ya ku ofesi kwathu yakalamba kuposa bwato la bambo anga

Anzanga a m'mbali mwa nyanja, lero mundipirire, uthengawu ndi wautali ndipo ndaulemba mtima ukuwawa.

Lachisanu lapitali msuweni wanga, mwana wa azakhali, anabwera ku ofesi komwe ndimagwira ntchito ya ukalaliki. Ankafuna kutumiza fomu ya maphunziro pa intaneti, ndipo tsiku lotseka linali lomwelo, 5 koloko madzulo. Pa kafoni kake ka Opera Mini fomuyo inkakana kutseguka. Anabwereka ndalama ya kabaza kwa mayi ake, ndalama ya usipa, n'kubwera kwa ine poganiza kuti ku ofesi zinthu zimayenda.

Ndinatsegula tsambalo pa kompyuta yathu. Zilembo zinakwerana ngati matemba m'ndowa. Malo olembapo dzina anapita kubisala pansi pa chithunzi. Batani lotumizira linkaoneka ndithu, koma ukalidina, zii. Ndinayesa Internet Explorer, sikirini mbee, popanda ngakhale chilembo chimodzi. Nditawauza abwana wamng'ono, anayankha osadzutsa n'komwe mutu: "Ndi netiweki imeneyo, dikirani." Netiweki yake iti, poti pa Wi-Fi yomweyo foni yawo inali kuonetsa mpira bwinobwino? Laputopu imodzi yabwino yomwe tili nayo inali itapita ku msonkhano ndi abwana aakulu. Tinathamanga kukasaka foni ya mnzanga, koma posamutsa masatifiketi omwe tinasikana, 5 koloko inakwana. Mtsikana uja sanalire. Anangoti, "Basi asuweni, mwayesetsa," n'kunyamula envulopu yake.

Ndikudziwa wina anena kuti kompyuta ya ku ntchito si yothandizira abale. Chabwino, ndavomera. Nanga malipoti a ofesi yomweyo omwe ndimatumiza pa foni yanga, ndi bandulo yogula ndi ndalama yanga, mwezi ndi mwezi? Amenewonso ndi a msuweni wanga?

Vuto si netiweki, ndipo ndikufuna mumvetse kuti asamakunamizeni. Tsamba la pa intaneti silibwera ngati chithunzi chotha kale ayi. Limabwera ngati malangizo, ndipo browser, kaya Chrome kaya Firefox, ndi imene imawerenga malangizowo n'kuyala zinthu pa sikirini. Okonza masamba amalemba m'kalembedwe katsopano chaka ndi chaka, ndipo Chrome imatulutsa mtundu watsopano pafupipafupi kuti isatsalire. Kompyuta yathu ili pa Windows 7, yomwe inatuluka mu 2009. Microsoft inasiya kuisamalira pa 14 Januwale 2020. Chrome yomaliza yomwe imalowa pa Windows 7 ndi nambala 109, ya mu Januwale 2023. Kuchokera pamenepo inaima, singakwerenso ngakhale mutaidina usiku wonse. Internet Explorer ndiye musanene, eni ake anaiika m'manda pa 15 Juni 2022. Ife tikutumabe wakufa kumsika n'kumadabwa kuti sakubwera ndi ndiwo.

Palinso kena koseketsa. Magetsi akathima, kompyutayo imaiwala tsiku n'kubwerera zaka zakale, ndiye tsamba lililonse limakuwa kuti "Your connection is not private". Anzanga ena a mu ofesi amati atilodza. Ndi kabatire chabe, kozungulira ngati ndalama yachitsulo, ka CR2032, komwe kamasunga nthawi mkati mwa bokosimo. Kanatha kalekale. Kameneka ndinagula ndekha, ndatopa kukonza tsiku m'mawa uliwonse.

Bambo anga sanapite patali ndi sukulu, koma sindinawaonepo akulowa m'madzi ndi chilimira chong'ambika. Akabwera m'mawa, maso ali psuu ndi tulo, amayamba ayala ukonde pamchenga n'kusoka pomwe paboola. Injini ikayamba kutsokomola saiuza kuti idikire bajeti ya chaka chamawa, chifukwa mwera ukawapeza pakati pa nyanja sudzafunsa kalata. Bwato lawo analigula 2009 itadutsa kale, ndipo alimata phula kambirimbiri. Kompyuta yathu, kupatula kabatire kanga kaja, palibe anaitsegulapo ngakhale kupukuta fumbi.

Ndalemba makalata atatu. Yoyamba anati tikudikira ku likulu. Yachiwiri anati si nkhani yofulumira poti makinawo akuyakabe. Yachitatu sindikudziwa kuti inathera mu fayilo iti. Koma inu ndi ine timakhala kunyanja kuno, ndipo timawaona magalimoto akuluakulu akutsika kudzachita misonkhano ku malo ogona alendo. Masiku atatu, chambo chokazinga, maalawansi m'thumba, mutu wa msonkhano n'kukhala wokweza ntchito ndi luso lamakono. Alawansi ndi mafuta a msonkhano umodzi wotere sizingagule kompyuta? Musandiuze kuti ndalama kulibe. Chilipo n'chakuti amene amasaina sakhala pa mpando umene ndimakhala ine. Iwo ali ndi foni yatsopano, tsamba limawatsegukira, ndiye kwa iwo vuto kulibe.

Ndipo "akuyakabe" ameneyu ndi woopsa. Makina amene sakulandiranso zigamba za chitetezo ali ngati nyumba yopanda loko. Mu Meyi 2017 kachilombo kotchedwa WannaCry kanatseka makompyuta m'zipatala zambiri za ku Britain, odwala n'kubwezedwa, pomwe Microsoft inali itatulutsa kale chigamba chake mu Malichi chaka chomwecho. Anthu anangochedwa kuchiika. Ngati zinagwa kumeneko, kuli bwanji ife amene aliyense amabaya fulashi yake yotengera nyimbo mu kompyuta yomwe muli mayina ndi manambala a anthu? Amene muli pa Windows 10 musaseke, nayonso malire ake Microsoft inaika pa 14 Okutobala 2025.

Chimene chikundipweteka kwambiri n'chakuti njira yotchipa ilipo. Linux Mint ndi yaulere, imayenda pa makina akale ambiri, ndipo imabwera ndi Firefox yatsopano. Kuonjezera RAM pang'ono, tsiku limodzi ntchito yatha. Ndinapempha kuti ndichite ndekha Loweruka, osandilipira. Anati ndisayerekeze kukhudza katundu wa ofesi popanda chilolezo. Chilolezocho chichokere kuti? Ku likulu komwe kuja.

Inunso okonza masamba simupulumuka. Mumayesa ntchito yanu pa malaputopu a mu tauni, intaneti ikuthamanga ngati mcheni, n'kuiwala kuti amene akudzaza fomuyo ali ku Makanjira kapena ku Chia ndi kafoni ka mabatani. Fomu ya dzina, zaka ndi satifiketi ikufuniranji zithunzi zovina? Muziyamba mwaitsegula pa Opera Mini musanaitulutse.

Msuweni wanga wabwerera ku thandala, akuyanika usipa ndi mayi ake, ndalama ya kabaza ija sanabwezebe. Ine Lolemba ndikulemba kalata yachinayi, ndipo pano ndikufuna ndiikemo manambala. Nonse amene mumagwira mu ofesi, pa sukulu kapena pa kafe, tsegulani Chrome, dinani timadontho titatu pakona yakumanja, pitani pa Help kenako About Google Chrome. Nambala imene ituluke munditumizire ku inbox. Dzina la ofesi yanu musalembe, ndikudziwa mmene mabwana amachitira.