Zovala za m'chilimwe zimaonongekera m'thiranki

Kuno ku Dedza, mwezi wa Meyi ukangolowa munthu sachita kuuzidwa kuti atulutse juzi. M'mawa mpweya umatuluka m'kamwa ngati utsi, ndipo choko chimavuta kugwira chifukwa zala zauma. Apa m'pamene malaya a manja aafupi, madiresi opyapyala ndi makabudula zimalowa m'sutikesi kukadikira Seputembala. Ambirife timangopinda n'kuponyamo. Ine ndinasiya zimenezo malaya anga oyera atandiphunzitsa.

Ndinawavala kamodzi kokha, pa ukwati wa mng'ono wanga mu Epulo. Nditawanunkhiza ndinati sanade, nanga sopo mmene wakwereramu ndiwachapirenji? Ndinawaika mu jumbo, n'kumanga kukamwa kuti musalowe fumbi, kenaka n'kuwalonga pansi pa thiranki. Sukulu itatsegulira mu Seputembala, dzuwa litayamba kuswa mtengo, ndinakawatulutsa. Kolala inali yachikasu, m'khwapa chimodzimodzi, ndipo kumsana kunali timadontho takuda ta nguwi. Mayi a kunyumba anayesa kunyika, anayesa Jik, mpaka anagwa mphwayi. "Abambo, awa basi, tizingopukutira mawindo."

Ndinayamba kudzudzula thiranki, koma wolakwa ndinali ine. Thukuta ndi mafuta a m'thupi sizioneka tsiku loyamba. Zikakhala m'nsalu miyezi inayi zimasanduka chikasu chimene sopo sachotsa, ndipo litsiro lomwelo ndi limene limaitana mphemvu ndi njenjete. Jumbo nayo inandipweteka. Pulasitiki satulutsa mpweya, choncho kachinyezi kamene kanali m'malayamo, poti mvula inali isanatheretu, kanatsekeredwa momwemo n'kubala nguwi.

Tsopano chovala chilichonse chopita kukagona chimayamba chachapidwa, ngakhale chija timati "ndangovala pang'ono". Ndimasankha tsiku la dzuwa lenileni, osati la chiperoni, chifukwa nsalu imaoneka youma pamwamba pomwe m'misoko ndi m'matumba mudakali monyowa. Ndikasita ndi ayironi ya makala ndimadikira chovala chizizire ndisanapinde. M'matumbamo muzipisamo ndithu. Njere ziwiri za mtedza zoiwalika n'zokwanira kuti khoswe aboole sutikesi, ndipo akalowa sadya mtedza wokha.

M'malo mwa jumbo ndimakulunga m'chitenje chakale kapena m'nsalu ya pilo. Thiranki siikhalanso pansi. Ndinaikweza pa njerwa zinayi ndi thabwa, kutali pang'ono ndi khoma. Amene munakhalako m'nyumba za aphunzitsi kumudzi mukudziwa mmene simenti yake imanyowera, ndiponso mmene chiswe chimatulukira m'ming'alu usiku umodzi wokha.

Koma chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi timipira toyera tija togula pamsika, timene timati mankhwala a njenjete. Timagwiradi ntchito m'chotengera chotsekedwa bwino, koma ndi poizoni. Kwa mwana wokwawa timaoneka ngati masiwiti, ndipo akameza timatha kuononga magazi. Ndaonapo m'nyumba zina atangotimwaza pansi pa bedi, pamene mwana amasewerera. Ngati mukutigwiritsa ntchito, timangireni m'sokosi yakale, muike m'kona ya thiranki, mukiye. Zovala za khanda musaike nato pamodzi, ndipo zanuzo mukadzatulutsa muziyanike pamphepo kapena kuzichapanso musanavale. Mwana akameza, thamangirani naye kuchipatala, musatayire nthawi kumumwetsa mkaka.

Pakati pa Julayi, likapezeka Loweruka la dzuwa, ndimatsegula thiranki n'kuyanika zonse pachingwe maola awiri. Anzanga a pa laini amandiseka kuti ndatsegula kaunjika. Aseke, mtengo wa malaya pa kaunjika weniweni ndikuudziwa.

Malaya oyera aja ku mawindo sanakhalitse. Ndinadula dzanja limodzi, ndipo mpaka lero ndi limene timafufutira bolodi ku Fomu 2.