Kalata Yochokera ku Lawrence: Nyali Zowala Kwambiri Si Nyali Zabwino

Ine ndili kuno ku Lawrence, m'mbali mwa Indianapolis.

Ambiri mwa inu mwakhala mukundipempha kuti ndikutumizireni mababu a LED oti muike pa ma Sienta ndi ma Probox anu. Ndikuyankheni nonse pamodzi: sinditumiza. Si kuumira ayi, tamvani chifukwa chake.

Nyali ya galimoto imapangidwa mogwirizana ndi babu lake. Mu nyali ya halogen, kawaya koyaka kamakhala pamalo pake penipeni, ndipo chonyezimira chakumbuyo chimaponya kuwala pamsewu. Mukaikamo LED kapena HID, kuwala kumachokera pena, ndiye kumamwazika. Inu mumaona ngati kwacha chifukwa pafupi pawala mbee, koma patali simukuona, ndipo mnzanu wochokera kutsogolo mwamuthobwa m'maso. Kuno bungwe la boma la NHTSA limati mababu otere sagwirizana ndi lamulo lotchedwa FMVSS 108.

Ndikamayenda usiku pa US 31 kupita kwa Amalawi anzathu ku South Bend, amene timaopa ndi agwape, makamaka mu Okutobala ndi Novembala. Koma pa M1 amene ali m'mbali mwa msewu ndi wakabaza, mayi wosenza nkhuni, mwana wochokera kuchigayo. Dalaivala wothobwa sawaona anthu amenewa. Maliro otere ndi opeweka.

Enanso mukuti nditumize nyali yathunthu. Imeneyonso ayi. Kuno timayenda kumanja kwa msewu, ndipo nyali za dimu zimakwezera kuwala kumanja kuti ziunike zikwangwani. Kwathu timayenda kumanzere ngati ku Japan komwe magalimoto athu amachokera. Nyali ya ku America pa msewu wa Lilongwe ndiye kuti ikuloza m'maso mwa amene mukukumana naye.

Nanga mutani? Choyamba, yang'anani galasi la nyali. Likachita chikasu ndi dzuwa limadya kuwala kwambiri, ndipo kulipukuta ndi polishi wake n'kotchipa. Chachiwiri, pitani kwa makanika awongole nyali. Galimoto iime pamalo osalala, mamita 7 kapena 8 kuchokera pakhoma, ndipo malire a kuwala kwa dimu akhale pansi pang'ono pa msinkhu wa nyaliyo. Chachitatu, gulani halogen yabwino ya nambala yoyenera galimoto yanu. Ngati ndi H4, kuno amaitcha 9003, ndipo ndi ya mawatsi 60 pa fulu ndi 55 pa dimu. Osram ndi Philips ali ndi mitundu yowala kuposa yamasiku onse pa mawatsi omwewo, kungoti imapsa msanga. Za mawatsi 100 zisiyeni, zimatenthetsa mawaya ndi kusungunula soketi. Zopaka buluu nazonso n'zongokometsera, utotowo umatchinga kuwala. Sinthani mababu onse awiri limodzi, ndipo galasi la babu musaligwire ndi zala.

Ena munena kuti aliyense akuika LED, ndiye ndingotsala ndekha wothobwa? Ndikumvetsa, koma akhungu awiri akakumana pa liwiro, ngozi yake imaposa. LED yabwino ndi imene inabwera ndi galimoto kuchokera kufakitale.

Amene mukufuna halogen, ndiuzeni nambala ya babu lanu, ameneyo nditumiza. Mupereke moni kwa onse kumeneko.