Mpando umacokera ku mtengo

Ku Milange kuli amisiri a matabwa. Iwo amapanga mipando, matebulo, mabedi, zitseko ndi madesiki a kusukulu. Ogula ena ndi a konkuno. Ena amacokera ku Malawi, kudzera pa malire a Muloza.

Nkhondo inatha mu 1992. Mabanja amene anathawira ku Malawi anabwerera kwao. Anafuna zitseko ndi mipando yatsopano. Amisiri anapeza nchito yambiri.

Pamalo pamene amisiri amagwirira nchito pamakhala mkulu wao. Kodi mkulu wabwino ndi wotani? Si amene amangowerenga ndalama ai. Mkulu wabwino amacita zinthu zitatu.

Coyamba, amaumitsa matabwa pamthunzi. Thabwa laliwisi limapindika. Mpando wake umagwedera, ndipo wogula sabweranso.

Caciwiri, amaphunzitsa anyamata ndi atsikana kugwira sowo ndi nyundo. Amawalipira pa nthawi yake. Mawa iwonso adzaphunzitsa anzao.

Cacitatu, amabzala mitengo. Ici ndico cacikulu. Popanda mlombwa ndi mbawa, mmisiri adzapala ciani?

Anthu ena amati: mlombwa umacedwa kukula, wobzala sadzaudula yekha. Ndi zoona. Koma anthu otere ayang'ane phiri la Mulanje, tsidya la malire. Kale paphiripo panali mikungudza yambiri. Matabwa ake ndi onunkhira, ndipo ciswe siciwadya. Anthu anadula osabzala. Mu 2017 anawerenga mikungudza yaikulu yamoyo, napeza 7 yokha. Zotere zisacitike ndi mlombwa wa ku Milange.

Mu 2017 momwemo, dziko la Moçambique linaletsa kutumiza kunja mitengo yosaceka. Lamulo limeneli ndi labwino. Mtengo ukapita kunja wathunthu, nchito imapita nao. Ukakhala ku Milange, umadyetsa anthu ambiri: woceka matabwa, mmisiri, wopaka vanishi ndi wonyamula mipando panjinga.

Makolo nao ali ndi gao lao. Pogula tebulo afunse mmisiri kuti: "Bambo, kodi matabwa awa ndi ouma? Kodi mwabzala mitengo ingati caka cino?" Ana asamale madesiki, asamawalembe ndi misomali. Mvula ikagwa, mwana aliyense abzale mtengo umodzi pakhomo.

Akulu amati m'mera mpoyamba. Mbande ya lero ndiyo mpando wa zidzukulu.