MAWU NDI MOYO: Za mtsetse

Ife a ku Lichinga mtsetse timaudziwa. Mzinda wathu uli pa mtunda wa mamita oposa 1,300, pamene nyanja ya Niassa ili pa mamita osafika 500. Choncho wopita ku Meponda kapena ku Metangula ulendo wake ndi wotsika, ndipo wobwerako ndi usipa pa njinga amalimbana ndi chitunda.

Malo otere Apwitikizi amati descida. Angelezi amati downhill, ndipo mawu amodzi omwewa amawapatsa matanthauzo awiri otsutsana. Ntchito ikapepuka, zovuta zitatsala m'mbuyo, amati yafika pa mtsetse. Koma thanzi la munthu, malonda ake kapena banja lake likamalowa pansi, amatchulanso mawu omwewo. Kodi sanaone choona pamenepa? Kupepuka kwa ulendo ndi chiyambi cha ngozi nthawi zambiri zimakhala pa malo amodzi.

Pa chitunda sitiiwala kupemphera. Matenda akafika, chimanga chikatha m'nkhokwe, maondo athu sachedwa kugwada. Koma zinthu zikayamba kuyenda zokha timafanana ndi dalaivala wozimitsa injini pa mtsetse pofuna kusunga mafuta. Talumpha mapemphero a pakati pa sabata, Baibulo lachita fumbi, chopereka tati tidzaona mawa. Galimoto ikuthamanga ndithu, koma sitikuilamuliranso ndife. Akulu adati chakomachakoma pusi adagwa chagada.

Komabe si kutsika konse kuli koipa. Chinenero chathu chimasiyanitsa kutsetsereka ndi kutsika. Wotsetsereka amangotengeka, wotsika amaponda akudziwa kumene akupita. Njira ya ku Yeriko pa Luka 10, imene imatsika mamita pafupifupi 1,000 kuchokera ku Yerusalemu, wansembe ndi Mlevi adaidutsa osaima. Msamariya yekha ndiye adatha kuima pa mtsetsewo, nawerama kwa munthu wovulazidwa. Ndipo Afilipi 2 atikumbutsa kuti Ambuye Yesu sadagwe kuchokera kumwamba; adatsika mwa kufuna kwawo, kufikira pa mtanda.

Sabata ino tidzifunse: kodi tikutsika kapena tikutsetsereka? Ngati tikulephera kuima kuti tipemphere, kapena kuti tikazonde mnansi wodwala, mabuleki athu atha. Tiwakonzetse tisanafike pokhota.

Ambuye atisunge pa chitunda ndi pa mtsetse pomwe.